Una wa Nungu ndi Nduna Yolowa Chafutambuyo

Padangokhala. Yankhani ndimve, ndisayende ndekha ulendowu. Eya, tilitonse.

Padangokhala dziko la nyama limene linatopa ndi ulamuliro wa zikhadabo. Nyamazo zinapangana kuti zaka zitatu zilizonse zizisankha nduna zawo poponya nthanga m'zipanda. Njovu nthanga imodzi, mbewa nthanga imodzi. Koma kuti upatsidwe nthangayo, unkayenera kuyamba walembetsa m'kaundula. Popeza nyama sizigwira cholembera, kalembera wake anali wotere: unkapita kwa mlembi, Nanzikambe, n'kuponda phazi lako lakutsogolo pa phale la dongo laliwisi. Phalelo likauma, Nanzikambe ankalisunga, ndipo dziko linkakudziwa.

Nyama zikuluzikulu zinkalembetsa. Zing'onozing'ono, zogona m'mauna, sizinkapitako. Zinkati, "Za akuluakulu izo." Nchifukwa chake Nduna ya Mauna inkasankhidwa ndi nyama zosagona muuna, ndipo zinasankha Njiri, amene chibadwire sanakumbepo una ngakhale umodzi.

M'dzikomo munali Nungu wina wamasiye, wa ana awiri. Mwamuna wake anamusiyira chinthu chimodzi chokha: una waukulu, wouma bwino, umene anakumba awiriwo ali achinyamata. Tsiku lina m'mawa, mvula itatsala pang'ono kuyamba, Nungu anapita ndi ana ake kukafuna mizu. Pobwera anapeza pakhomo pa una pali mano awiri aataliatali atasuzumira kunja.

"Odi!" anatero Nungu, pakhomo pake pomwe.

"Ndani?" anayankha Njiri ali mkati.

"Ndine mwini nyumba, bwana."

"Mwini nyumba ndi amene ali m'nyumba. Choka, ukunditsekera mphepo."

"Nanga anawa ndigona nawo kuti? Mvula ili pafupi."

"Uli ndi minga yambirimbiri. Folera denga."

Nungu anapita kwa Nkhandwe, loya wotchuka wa mchira wopesa bwino. Nkhandwe anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kuti ndikhale pansi, nkhanga imodzi," anatero. "Kuti nditchere khutu, nkhanga ziwiri. Kuti nditsegule pakamwa, tikambirana."

"Ndili ndi mizu itatu yokha, bwana."

"Kadye, ukhute, uiwale za mlandu. Komanso amene ukumudandaulayo ndi kasitomala wanga."

Nungu anatuluka akulira. Ali m'njira anamva mawu kuchokera mumtengo.

"Mayi, misozi imeneyo ikupita kuti? Ngati ndi ya mlandu, ofesi yake ndi ino."

Amene ankayankhulayo anali Mnthengu, kambalame kakuda bii ngati kavala mkanjo wa kubwalo. Mnthenguyu anali ndi mbiri. Ankatha kubwereka mawu a nyama iliyonse, ndipo kale ankakuwa ngati kwabwera chilombo kuti anzake athawe, iye atole chakudya chawo. Atagwidwa, woweruza wamkulu, Nyamalikiti, anamupatsa chilango chachilendo: aziyankhulira amphawi pamilandu kwa chaka chimodzi, osalandira kanthu. Chakacho chinatha kalekale, koma Mnthengu sanachoke. Ntchitoyo inamukomera kuposa kuba.

"Ndilibe nkhanga, mwananga," anatero Nungu.

"Nkhanga ndingainyamule ine? Kuno thandizo ndi laulere, mayi. Bwalo linakhazikitsa mtengo uno chifukwa cha opanda nkhanga. Ine ndimangodya ntchentche zimene odandaula abwera nazo, ndipo inu mwabwera nazo zitatu zonenepa. Khalani pansi, mufotokoze."

Nungu anafotokoza zonse, akupukuta m'maso. Pomaliza anati, "Chondiwawa n'choti ngakhale mapazi athu ali momwemo. Paja mwambo wathu anungu, tikamaliza kukumba, banja lonse limaponda mapazi pakhoma la mkati mwenimweni dothi lisanaume. Pali phazi la malemu, langa lopanda chala chimodzi chimene ndinasiya pamsampha, ndi timapazi ta anawa."

Mnthengu anapendeka mutu. "Nanga a Njiriwo analowa bwanji?"

"Chafutambuyo, monga amalowera masiku onse. Mchira patsogolo, mano pakhomo."

Mnthengu anaseka mpaka anatsala pang'ono kugwa panthambi.

"Mukuseka chiyani pamene ine ndikulira?"

"Pepani, mayi. Za mapazizo musauze wina aliyense, ngakhale ntchentche. Tiyeni kubwalo."

Kubwalo, Nyamalikiti anaweramitsa khosi lake lalitali kuti amve. Koma Mnthengu asanamalize mawu oyamba, Nkhandwe anaimirira.

"Bwana woweruza, wodandaulayu ndani? M'kaundula phazi lake mulibe. Ndi wobwera ameneyu, wachokera kutsidya dzana. Mboni zake nazonso dziko silizidziwa. Kodi bwalo lino liziweruza mithunzi?"

"Ndinabadwira konkuno ine!" anakuwa Nungu.

"Mwina n'zoona, mayi," anatero Nyamalikiti, "koma ine ndimaona zakutali, zapansi zimandivuta. Kalembera atsekedwa pakatha masiku atatu. Tsiku lachinayi mubwere ndi phale lanu ndi mboni zolembedwa, tidzauzenge mlanduwu. Lachisanu ndi chisankho, ndipo ikatero mvula."

Potuluka, Mnthengu anati, "Zaphweka, mayi. Mawa mukaponde dongo."

Nungu anaima chilili. "Ine? Dongo lija? Ayi, mwananga. Bola kugona panja."

Tsiku loyamba, Mnthengu anasonkhanitsa onse okhala m'mauna. Mkulu wawo anali Mfuko, mnansi wa Nungu, wa maso ochepa koma wodziwa dothi kuposa wina aliyense.

"Mukuopa chiyani, akuluakulu?" anafunsa Mnthengu.

"Iwe uli ndi mapiko," anatero Mfuko. "Ife tinamva kuti mapale aja amapita kwa Mkango. Akamva njala amangosankha phazi lonenepa, n'kutuma asilikali."

"Anakuuzani ndani?"

"A Nduna eniake. Amatikonda, anatichenjeza."

"Ndipo iwowo analembetsa?"

"Analembetsa."

"Phazi lawo ndi lanu, lonenepa ndi liti?"

Onse anayang'ana mapazi awo. Kenaka Mfuko anati, "Komabe nthanga imodzi ya mbewa ingasinthe chiyani? Khoswe akakhala pamkhate sapheka."

Mnthengu anauluka, n'kukatera mwakachetechete pamwamba pa una wolandidwa uja, pomwe Njiri ndi Nkhandwe ankacheza. Anamvetsera, anasunga mawu onse pammero. Atabwerera, anabisala kuseri kwa chitsamba pafupi ndi pomwe nyama zing'onozing'ono zinkapuma, n'kuyamba kuyankhula ndi mawu okhuthala a Njiri.

"A loya, tizinthu timeneti tisadziwe kuti tilipo tambiri. Pa njiri imodzi pali mbewa makumi asanu. Titangoponda dongo tonse, ine ntchito yatha."

Kenaka anasintha, n'kukhala mawu osalala a Nkhandwe. "Musadandaule, a Nduna. Bodza lanu la Mkango lija likugwira ntchito kuposa msampha."

Mawu a Njiri anaseka. "Mfuko ndiye amalikhulupirira kwambiri. Mutu wadzaza dothi!"

Mfuko anadzuka ubweya uli nyankhalala. Anathamangira kuchitsambako kuti akamuone wonyozayo, koma anapeza Mnthengu akukonza nthenga zake.

"Ndiwe! Watinamiza!"

"Ayi, akulu. Mmero ndi wanga, koma mawu ndi awo, sindinawonjezeko ngakhale mchere. Ngati mukukayika, pitani pansi panthaka mukamve nokha. Akadali pomwepo."

Mfuko analowa pansi. Posakhalitsa anatuluka mphuno ili ndi dothi.

"Akunena zomwezo, ndipo awonjezera za mano anga. Mawa tonse kudongo!"

Pamenepo Mnthengu anayambitsa nyimbo. Inali nyimbo yaifupi, yopondera mapazi. Iye ankatsogolera, akufunsa nyama imodziimodzi kuti phazi lake ndi lalikulu bwanji, ndipo onse ankavomera pamodzi kuti kukula kwa phazi kulibe kanthu, nthanga ndi imodzimodzi. Pothera pake ankaponda pansi katatu. Ana a Nungu anaikonda kwambiri moti anaiimba mpaka amayi awo anawaletsa.

Tsiku lachiwiri anafika kwa Nanzikambe ali chigulu, akuimba. Anapeza mlembiyo atakhala manja ali m'masaya, diso limodzi kumwamba, lina pansi.

"Kalembera... waima," anatero Nanzikambe, amene ankayankhula mofanana ndi momwe ankayendera. "Nkhuti ya dongo... aikwirira ndi mchenga. A Nduna ati... munali udzudzu."

"Kwina kulibe dongo?" anafunsa Mnthengu.

"Chulu chakale... cha kumtsinje. Dongo lake ndi labwino koposa. Koma n'cholimba ngati mwala. Kuchigumula, kuchinyowetsa, kuchiponda... ine zinganditengere zaka ziwiri."

Nungu anakhala pansi. "Basi, zathera pano."

"Mayi, musafulumire kulira, misozi muisungire chisangalalo. Nonse mukabisale. Ndikukaitana waganyu."

Mnthengu anapita kwa Njiri, nthenga atazigwetsa ngati wogonja.

"Bwana Nduna, ndabwera kudzavomereza. Mwandiposa nzeru."

Njiri anatukula chifuwa. "Wadziwa mochedwa."

"Za mchenga zija ngakhale ine sindikanaziganiza. Mwayi wathu ndi woti mwaiwala chulu cha kumtsinje."

"Chulu chatani?"

Mnthengu anatseka mlomo ndi phiko. "Kalanga ine, pakamwa panga! Iwalani, bwana. Sindinanene kuti mawa akatapa dongo pamenepo. Ndipotu palibe nyama ya mphamvu zoti n'kuchigumula, n'kuchikankhira m'madzi, n'kuchipondaponda mpaka chisanduke phala. Ngakhale Njovu angalephere."

"Njovu ndani?" anatero Njiri, ndipo anatuluka fumbi lili koboo.

Anachibaya chulucho ndi mano, anachigumula, anakankhira zibuma zake m'mphepete mwa madzi. Anaziponda, anagubudukapo, anaziponda kachiwiri. Mnthengu ali mumtengo ankangolira mokweza.

"Mayo, mwatiwononga! Chonde mbali iyo yokha isiyeni, idakali ndi mibulu!"

Njiri anathamangira mbali imeneyo n'kusalaza mibulu yonse. Akanakhala kuti anagwirapo ntchito ya dothi ngakhale kamodzi, akanadziwa chimene ankachita. Koma iye anachoka atatopa, akuseka, akuti wawononga dongo.

Atangopita, Nanzikambe anafika, anatsina dongolo, analinunkhiza.

"Chiyambire ntchito yanga... sindinaonepo dongo lopondedwa bwino chotere. Waponda ndani?"

"Boma," anayankha Mnthengu.

Anaumba mapale mpaka dzuwa linapendeka, ndipo nyimbo ija inamvekanso. Ulendo uno Mfuko ndiye ankatsogolera, ndi mawu ake onga a mphika wosweka, ndipo onse ankavomera ndi kuponda katatu.

Tsiku lachitatu, lomaliza, analawirira. Koma anapeza mzere wautali kale: abale onse a Njiri, amalume, azakhali, adzukulu ndi apongozi. Onsewo analembetsa kalekale. Aliyense akafika kutsogolo ankafunsa funso lalitali.

"A mlembi, phale langa lija likadalipo? Tandionetsani. Ayi, si ili. Ili ndi la achimwene. Tafunaninso."

Akamaliza ankazungulira kuseri, n'kukaimanso pamzere patsogolo pa mbewa. Nanzikambe, poti lamulo linkati aliyense athandizidwe, ankawathandiza. Dzuwa linafika pamutu. Linayamba kupendeka. Nungu anali asanasunthe ngakhale phazi limodzi.

"Dzuwa likangolowa... kaundula watsekedwa," anatero Nanzikambe modandaula.

Mnthengu anayenda mumzere wa ang'onoang'ono akunong'oneza. "Chilichonse chimene mumve, musathawe. Mukachita mantha, tsekani maso muyambe nyimbo."

"Ukufuna kuchita chiyani?" anafunsa Nungu.

"Ntchito yanga yakale, mayi. Ndinalonjeza kuti ndinasiya, koma lero ndikaipatse moni."

Anakwera pamwamba. Mwadzidzidzi kunamveka Nyani akukuwa kuti Nyalugwe wafika. Kenaka kunamveka kutsokomola kwa Nyalugwe mwiniwake, pafupi penipeni. Abale a Njiri anaimika michira ngati mbendera, onse balala! Amalume anaponda apongozi, apongozi anaponda adzukulu. Nanzikambe nayenso anafuna kuthawa, koma pamene ankakweza mwendo wachiwiri n'kuti zonse zadziwika kale.

Ang'onoang'ono anatseka maso, n'kuyamba nyimbo. Poyamba inatuluka yonjenjemera ngati ya pamaliro. Atafika poponda katatu anatsegula maso, naona kuti kutsogolo kuli mbee, ndipo nyimboyo inasanduka ya paukwati.

Nungu ndiye anali woyamba. Anayang'ana phale, anayang'ana ana ake, anakweza phazi lake lopanda chala chimodzi.

"Sizipweteka?"

"Zimangozizira," anatero Nanzikambe.

Anaponda. Atachotsa phazi anaona chidindo chake chili bwinobwino, ndi mpata pamalo pa chala chija.

"Ndi ineyo ameneyu?"

"Ndi inuyo, mayi. Dziko... lakudziwani."

Pambuyo pake panabwera Mfuko, mbewa, agologolo, achule ndi ena onse. Bongololo anafunsa kuti aponde phazi liti, ndipo anamuuza kuti asankhe limodzi lokha, ena akudikira. Womaliza anaponda dzuwa likugwira nsonga za mitengo.

Tsiku lachinayi bwalo linakumana pakhomo pa una womwewo. Kumwamba mitambo inali itayamba kuda. Nyamalikiti anayamba ndi kuyang'ana Mnthengu.

"Ndamva kuti dzulo kunabwera Nyalugwe wa nthenga."

"Anangodutsa, bwana. Sabweranso."

"Asabwerenso. Ndamvanso za mzere wozungulira, ndipo eniake ndiwaona pambuyo. Yambani."

Nanzikambe anaonetsa phale la Nungu. Mfuko anachitira umboni kuti anakhala moyandikana ndi banjali kuyambira kale. Nkhandwe anangoseka.

"Mnansi amakometsa mlandu wa mnansi. Kasitomala wanga anakumba yekha una uwu."

Mnthengu anatera pafupi ndi Njiri n'kuwerama mwaulemu.

"Bwana Nduna, una wokongolawu munakumba nokha?"

"Ndekha, ndi mano awa."

"Mwakhalamo nthawi yaitali bwanji?"

"Zaka zisanu."

"Ndiye kuti mumaudziwa ngati mphuno yanu."

"Kuposa mphuno yanga."

"Zikomo. Tauzani bwalo: pakhoma la mkati mwenimweni pali chiyani?"

Njiri anaphethira. Anayang'ana Nkhandwe. Nkhandwe anayang'ana mitambo.

"Pali... dothi."

"Dothi lokha?"

"Ndi muzu."

"Muzu. China?"

"Ndi kamwala. Ayi, timiyala tiwiri. Iwe, khoma ndi khoma! Ukufuna pakhale chiyani, zenera?"

"Osakwiya, bwana. Mwina mwangoiwala. Talowani monga mumalowera masiku onse, mukaone, mutiuze."

Njiri anapita pakhomo, anatembenuka, analozetsa mchira kuuna, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono mpaka kunja kunangotsala mano ndi maso.

"Mwafika kukhoma, bwana?"

"Ndafika."

"Mukuona chiyani?"

"Ndikuona iwe!"

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Achule anagwa chagada. Ngakhale Nyamalikiti anakweza mutu wake m'masamba kuti asaoneke akuseka.

"Tembenukani, bwana, muone kukhoma."

Njiri anayesa. Mano anakola uku, matako anakola uko. Anatuluka ali wefuwefu.

"Bwana woweruza," anatero Mnthengu, "wokumba una amayang'anana ndi khoma tsiku lililonse mpaka amalize. A Ndunawa khoma limeneli amalidziwa ndi mchira wokha. Tsopano funsani mayiwa."

Nungu anaimirira. "Pali mapazi anayi. Kumanja kuli la malemu mwamuna wanga. Kumanzere kuli langa, lopanda chala chimodzi. Pakati pali tiwiri tating'ono, ndipo kamodzi n'kopendekeka chifukwa mwiniwake ankaseka, sankafuna kuima bwino."

"Asalowe!" anakuwa Nkhandwe. "Akapondamo tsopano lino!"

"Salowa," anatero Nyamalikiti. "Alowa ndi mlembi, atanyamula phale la m'kaundula, akafananize. Ziphaniphani zimuunikire."

Nanzikambe ananyamula phale, ziphaniphani zisanu zili patsogolo. Anakweza mwendo, anaganiza, anauponda. Anakweza wina. Kumwamba kunagunda.

"A mlembi, mvula!" anatero Mfuko.

"Chilungamo... sichithamanga," anayankha Nanzikambe, n'kulowa.

Anadikira. Ana a Nungu anayamba kuimba nyimbo ija chapansipansi, ndipo ena anawalandira mong'ung'udza, akuponda katatu mopanda phokoso kuopa bwalo. Itatha kachisanu, mutu wa Nanzikambe unatulukira.

"Mapazi anayi," anatero. "Ouma kalekale, akangaude anamangapo. Lakumanzere... ndi phale ili... n'chimodzimodzi, mpaka mpata wa chala. Ndipo kamodzi... n'kopendekekadi."

"Muzu uliko?" anafunsa Mnthengu.

"Kulibe."

Nyamalikiti anagamula kuti una ndi wa Nungu ndi ana ake, ndipo Njiri atulutsemo udzu wake wonse asanachoke. Nthungululu zinamveka mpaka kutsidya. Nkhandwe anasowa osatsanzika.

Koma Njiri, atanyamula udzu wake, anatembenuka. "Sekani lero. Ine ndikadali Nduna ya Mauna. Mkuja ndidzalamula kuti una uliwonse waukulu ndi wa boma, tione ngati mapazi anu adzayankhule."

Chimwemwe chinazima. Nungu anakumbatira ana ake n'kuyang'ana Mnthengu.

"Angathe kutero?"

"Angathe, mayi, ngati mkuja adzakhale ali nduna. Koma pakati pa lero ndi mkuja pali mawa. Ine gawo langa ndamaliza. Lotsalalo lili m'manja mwanu."

"Tisankhe iwe!" anakuwa achule.

"Ine ndimagona mumtengo. Mwaiwala kale chimene chinakuvutani? Sankhani wodziwa dothi."

Onse anatembenukira kwa Mfuko. Mfuko anatembenuka kuti aone amene akumuyang'ana, napeza kuti kumbuyo kwake kulibe wina.

Tsiku lachisanu panaikidwa zipanda ziwiri kuseri kwa mpanda, china cha Njiri, china cha Mfuko. Aliyense wolembedwa analandira nthanga yake n'kulowa yekha. Njovu analowa ndi imodzi. Kambewa kanalowa ndi imodzi, katainyamula ndi manja awiri. Mzere unali wautali moti Nyamalikiti yekha ndiye ankaona pothera pake.

Pomaliza anabweretsa zipandazo poyera. Njiri anakhutchumula chake, chinalira kuti wayawaya. Anakhutchumula cha Mfuko, chinali zii.

"Mwamva?" anatero monyada. "Changa chikuyankhula. Chake mulibe kanthu!"

"Bwana," anatero Nungu mofatsa, "ife osunga mbewu timadziwa. Chipanda cholira ndi cha theka. Chodzaza sichilira."

Atakhuthula, nthanga za Mfuko zinapanga mulu woti Mfuko mwiniwake sankaoneka kuseri kwake. Nyimbo ija inaphulika, ndipo ulendo uno ngakhale Njovu anaponda nawo katatu, zipanda n'kudumpha.

Madzulo ake Mnthengu ali pamtengo wake anamva wina akutsokomola pansi. Anali Njiri, udzu uli kumutu, mchira uli pansi.

"Kodi... ofesi ndi yotsegula?"

"Ndi yotsegula, bwana. Nkhandwe ali kuti?"

"Akuti nkhanga imodzi kuti akhale pansi. Ndilibe. Ndilibenso pogona, ndipo mvula ndi iyo. Ndikudziwa kuti sungandithandize."

"Mtengo uno sufunsa kuti dzulo munali ndani. Umafunsa kuti lero muli ndi chiyani. Komanso ntchentche zimene mwabwera nazo inu ndi za mlungu wathunthu. Tiyeni kwa a Nduna atsopano."

Mfuko anamva dandaulolo n'kunena kuti nyama iliyonse ya m'kaundula ili ndi ufulu wa malo okumbapo. Anamulozera malo abwino, osadikha madzi.

"Koma kukumba sindidziwa," anatero Njiri chamumtima, koma mawu anatuluka.

"Inu amene munagumula chulu tsiku limodzi?" anatero wina kumbuyo kwake. Anali Nungu. "Mphamvu muli nazo, bwana, chimene mulibe ndi njira. Gwadani apa. Mutu kutsogolo. Ayi, kutsogolo! Mchira ulibe ntchito pano."

Anakumba, Nungu akumulangiza, Mfuko akuyeza, ana akutaya dothi. Atamaliza, Nungu anamuuza kuti aponde phazi pakhoma la mkati dothi lisanaume. Njiri anaponda, n'kukhala nthawi yaitali akuyang'ana chidindocho. Mpaka lero amalowabe chafutambuyo, poti chizolowezi sichimva chigamulo, koma mukamufunsa za khoma lake amakuuzani zonse.

Madontho oyamba anagwa Nungu akulowetsa ana ake. Panja ngumbi zinatuluka mbwee, ndipo Mnthengu ankaziwakha m'mwamba akufuula kuti malipiro ake afika onse tsiku limodzi.

Mkati munali mouma ndi mofunda. Ana anathamangira kukhoma, aliyense n'kuika phazi pa chidindo chake chakale.

"Amayi, sakukwana! Khoma lachepa!"

"Si khoma lachepa, ndinu mwakula."

Wamng'ono, mwini kaphazi kopendekeka, anayesa phazi lake pa chidindo cha bambo ake. Linalowa lonse, malo n'kutsala.

"Likadzakwana apa, ndidzapita kwa a Nanzikambe?"

"Udzapita," anatero Nungu, "ndipo ndidzakuperekeza ndine. Zimangozizira."

Nthano yanga yafika kukhoma la mkati, kupitirira apa kulibe njira. Amene anakwirira mbatata akaifukule isanapserere, ndipo agawireko mnzake wa phazi laling'ono.